Samu yodanitsa abale: kodi 8 ÷ 2(2 + 2) ndi 16 kapena 1?

Sabata yatha pa gulu la WhatsApp la banja lathu panabuka mkangano umene sunakhudze ndale, chikwati kapena malire a munda. Mphwanga anaponyapo kachithunzi ka samu ya mzere umodzi, 8 ÷ 2(2 + 2), n'kulemba pansi pake kuti anzeru ayankhe. Amalume a ku Chiputula, amene anagwira choko zaka zambiri asanapume, anayankha mwachidule kuti 1. Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira ku Mzuni, anati 16, ndipo anatumiza chithunzi cha foni yake kuti ikhale mboni. "Iwe, ine ndinayamba kuphunzitsa masamu mayi ako asanamere mano," anatero amalume. Mwanayo anayankha mwaulemu kuti, "Pepani agogo, koma foni ndi imene ikutero." Patangopita mphindi zochepa amalume anajambula kalikuleta yawo yakale ya Casio, pagalasi pake pakuoneka 1 mbee.

Samuyi si yatsopano. Inazungulira dziko lonse pa Twitter kumapeto kwa Julaye 2019, mpaka nyuzipepala ya New York Times inasindikiza zimene Steven Strogatz, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Cornell, analemba pofotokoza nkhaniyi. Mkulu wake wa samu imeneyi, 6 ÷ 2(1 + 2), anali atayambanitsa kale anthu zaka za m'mbuyomo, ena akuti 9 ena akuti 1. Kutsutsa galu n'kukumba, choncho tiyeni tikumbe. Kuti timve pamene pakuchokera mayankho awiriwa, tiyenera kubwerera ku zimene tinaphunzira tili pansi pa mtengo: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa.

Chichewa chimasova kale masamu

Samu yolembedwa ndi chiganizo, ndipo chiganizo chili ndi malamulo a kamvedwe kake. Chitsanzo chabwino tili nacho pakamwa pomwepa. Nambala 32 m'Chichewa cha agogo ndi makumi atatu ndi mphambu ziwiri. Mukatchera khutu mupeza kuti m'mawu amenewa muli ntchito ziwiri: khumi katatu, kenako kuwonjezerapo ziwiri, ndiko kuti 10 × 3 + 2. Palibe amene amamva mawuwa n'kuyamba waphatikiza 3 ndi 2 kuti apeze 50. Kuchulukitsa kumatsogola, kuphatikiza kumatsatira, ndipo palibe mphunzitsi amene anatiuza zimenezi.

Nanga makumi asanu ndi limodzi? Apa ndi 60. Mawu akuti limodzi akuloza khumi lina, kotero samu yake ndi 10 × (5 + 1). Mukati mbuzi makumi asanu ndi imodzi, imodziyo ndi mbuzi, ndipo nambala ndi 51. Kaphatikizo kakang'ono ka li- kapena i- ndi kamene kakugwira ntchito ya mabulaketi.

Koma pali malo ena pamene chilankhulo chimatisiya pa mphambano. Munthu atati anthu makumi asanu ndi awiri, awiriwo ndi makumi kapena ndi anthu? Mlaliki akamanena za zaka za moyo wa munthu, makumi asanu ndi awiri, tonse timamva kuti 70. Koma wowerenga anthu pa msonkhano angathe kutanthauza 52. Akale anaona vutoli ndipo anali ndi mankhwala ake: mawu akuti mphambu kapena kudza, amene amadula chiganizo kuti womva adziwe pamene makumi athera. Masiku ano mumsika wa Mzuzu, kumene Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde ndi Chichewa zimasakanikirana pa benchi imodzi, aliyense amangoti fifite thu, nkhani yatha. Koma sungani chitsanzo cha anthu makumi asanu ndi awiri, chifukwa samu ya amalume ikudwala matenda omwewo.

Kuphatikiza ndi kuchotsera

Kuwerenga zinthu n'kwakale kwambiri kuposa kulemba. Mu 1950, ku Ishango, m'mbali mwa nyanja ya Edward ku Congo, kunapezeka fupa la zaka pafupifupi 20,000 lokhala ndi timizere tojobedwa m'magulumagulu. Akatswiri amatsutsanabe kuti timizereto tinkawerenga chiyani, koma fupalo lili m'nyumba yosungira zakale ku Brussels. Zizindikiro za + ndi − ndiye ndi za dzulodzuloli. Zinasindikizidwa koyamba mu 1489 ku Leipzig, m'buku la masamu a amalonda lolembedwa ndi Johannes Widmann, ndipo m'menemo zinkasonyeza katundu wopitirira muyeso ndi katundu woperewera.

Kuphatikiza kulibe mwambo wa amene ayambe. Kondakitala atolere ndalama kuyambira mpando wakutsogolo kapena wakumbuyo, zokwana m'dzanja lake n'zomwezo. Kuchotsera sikutero ayi: 10 − 3 ndi 3 − 10 ndi nkhani ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake mzere ukakhala ndi zizindikiro zonse ziwiri, lamulo limati tiyende kuchokera kumanzere kupita kumanja. Minibasi inyamuke mu depoti ndi anthu 10 kupita ku Ekwendeni. Pa Luwinga atsike 3, akwere 2. Mwatsala anthu 9, ndipo 10 − 3 + 2 = 9. Mwana amene analoweza kuti kuphatikiza kumayamba adzaphatikiza 3 ndi 2, n'kuchotsa 5 pa 10, n'kupeza 5. Anthu anayi asowa m'minibasi popanda ngozi.

Nanga 3 − 10? Ku pulayimale tinkayankha monyadira kuti sizingatheke. Ku sekondale anatiuza kuti ndi −7, ndipo ambiri tinaona ngati atipusitsa. Koma aliyense amene anakongolapo pa okala amadziwa −7: unali ndi 3, watenga katundu wa 10, mwini okala wakulemba m'kope. Katswiri wa ku India, Brahmagupta, polemba malamulo a manambala otere m'chaka cha 628, anagwiritsa ntchito mawu omwewa, chuma ndi ngongole. Ku Ulaya anachedwa kuwavomereza. Ngakhale René Descartes, zaka 1,000 pambuyo pa Brahmagupta, mayankho otsika kuposa ziro ankawatchabe abodza.

Ngongole imafotokozanso lamulo limene ana ambiri amangoliloweza osalimva, lakuti kuchotsera nambala ya negetivu, yotsika kuposa ziro, n'chimodzimodzi kuphatikiza. Mayi akhale ndi K20,000 m'chikwama, komanso ngongole ya K5,000 ku banki m'khonde. Zake zenizeni ndi K15,000. Gulu likamukhululukira ngongoleyo, lachotsa −5,000, ndipo 15,000 − (−5,000) = 20,000. Palibe amene wamupatsa kanthu m'manja, koma walemera.

Chifukwa chimene kuchulukitsa kumatsogolera

Kuchulukitsa ndi kuphatikiza kobwerezabwereza kumene kwamangidwa mtolo umodzi. Milu 3 ya tomato pa K500 ndi 500 + 500 + 500. Alembi a ku Iguputo ankachulukitsa pongowirikiza kawiri. Pa gumbwa limene analemba mlembi Ahmes cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, limene lero lili ku British Museum ku London, njira yake ndi yotere: pofuna 13 × 24, lembani 24, 48, 96, 192, amene ndi 24 kamodzi, kawiri, kanayi ndi ka 8. Popeza 13 ndi 8 + 4 + 1, phatikizani 192, 96 ndi 24, mupeza 312. 

Tsono tiyerekeze kuti mwapita ku msika wa Zigwagwa, ndipo mitengo ndingoyipeka kuti samu iphweke. Mwagula milu 3 ya tomato pa K500, milu 2 ya usipa pa K1,000, ndi anyezi wa K300. Papepala ndi 3 × 500 + 2 × 1,000 + 300. Mayi wogulitsa sazengereza: tomato K1,500, usipa K2,000, anyezi K300, zonse K3,800, ndipo mwina akuikiraniko basera. Wayamba wamanga mtolo uliwonse pawokha, kenako n'kuwonkhetsa mitoloyo. Mutati muyende mzerewo mwachimbulimbuli kuchokera kumanzere, mupeza 1,500, muwonjezere 2 ikhale 1,502, muchulukitse ndi 1,000, muwonjezere 300. Ndiwo za tsiku limodzi zakwana K1,502,300.

Apa ndi pamene pagona lamulo lakuti kuchulukitsa kuyambe. Silinagwe kumwamba, ndipo anthu akanatha kugwirizana zina. Koma masamu ambiri a moyo, kaya ndi risiti, malipiro a aganyu kapena mtengo wa zipangizo zomangira nyumba, amabwera ngati mitolo yofunika kuwonkhetsa. Lamulo lotsogoza kuchulukitsa limatipulumutsa kuti tisamazunguze mtolo uliwonse ndi mabulaketi.

Makina sagwirizana onse pa mfundo imeneyi, ndipo mungadziyesere nokha. Tengani kalikuleta ya mabatani akuluakulu ija imapezeka pa kauntala m'mashopu, dinani 2 + 3 × 4. Ikupatsani 20, chifukwa imasova chilichonse nthawi yomweyo mukangodina chizindikiro chotsatira. Kalikuleta ya kusukulu imadikira mzere wonse ndipo ikupatsani 14. Ya m'shopuyo sinawonongeke, inapangidwa choncho, ndipo n'chifukwa chake ili ndi batani la M+. Wogulitsa wodziwa ntchito amachulukitsa mtolo, n'kuusunga ndi M+, n'kuyamba wina.

Zizindikiro za kuchulukitsa zilipo zingapo, ndipo ndi pamene mavuto athu akuyambira. Kamtanda ka × anakafalitsa William Oughtred, m'busa wa ku England, mu 1631. Gottfried Leibniz wa ku Germany sanakakonde. M'kalata ya mu 1698 anadandaula kuti kamasokonezeka ndi chilembo x, ndipo iye anasankha kadontho. Njira yachitatu ndiyo kusalemba chizindikiro chilichonse, kungogundanitsa zinthu ziwirizo: 2a, kapena 2(4). Taonani m'mene kugundanitsa kumasinthira tanthauzo. Mu 23 kukutanthauza makumi awiri ndi mphambu zitatu. Mu 2½ kukutanthauza kuphatikiza. Mu 2a kukutanthauza kuchulukitsa. Mwana wa Fomu 1 akasokonezeka apa, sindimuona ngati mbuli.

Kugawa, ndi chizindikiro chake chovuta

Kugawa kumayankha mafunso awiri. Loyamba ndi la kugawana: anyamata 4 akankha ngolo ya njerwa, alandira K12,000, aliyense atenga zingati? Lachiwiri ndi la kuyeza: muli ndi makilogalamu 10 a mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, mukulongedza m'mapaketi a makilogalamu 2, atuluka mapaketi angati? Funso lachiwirili ndi limene limaonetsa chifukwa chake kugawa ndi theka kumakulitsa nambala. Mapaketi a makilogalamu 2 atuluka 5, koma a theka la kilogalamu atuluka 20. Mukamachepetsabe paketi, mapaketi akuchulukirachulukira. Nanga paketi yosalowa kanthu, ya ziro? Mudzalongedza mpaka kukalamba thumba lili chidzadzire. Palibe nambala imene ingayankhe, n'chifukwa chake kugawa ndi ziro sikuloledwa. Brahmagupta yemwe uja analemba kuti ziro kugawa ndi ziro ndi ziro, ndipo pamenepo akatswiri a pambuyo pake sanamutsatire.

Monga kuchotsera, kugawa kumasamala za amene wayamba. Pa 24 ÷ 4 ÷ 2, kuyenda kuchokera kumanzere kumapereka 3. Kuyamba ndi 4 ÷ 2 kumapereka 12.

Chizindikiro cha ÷ chinayamba kuimira kugawa m'buku la Johann Rahn wa ku Switzerland mu 1659. Sichinalandiridwe konsekonse. Ku Germany amagawa ndi madontho awiri okha, ndipo ku Denmark ndi ku Norway chizindikiro chomwechi chinkaimira kuchotsera. Chimene akatswiri amakonda ndi kamzere kopingasa ka fulakishoni, nambala ina pamwamba ina pansi. Kamzereka kamapezeka m'zolemba za al-Hassar wa ku Morocco m'zaka za m'ma 1100, ndipo Fibonacci wa ku Pisa, amene anaphunzira masamu a Aluya ku Bugia m'dziko limene lero ndi Algeria, anakagwiritsa ntchito m'buku lake la mu 1202. Ubwino wake ngoonekeratu: zonse za pamwamba ndi mtolo umodzi, zonse za pansi ndi mtolo wina, palibe chofunsa. Chizindikiro cha ÷ sichinena kuti mtolo wa pansi wathera pati. Muyezo wa dziko lonse wa kalembedwe ka masamu a sayansi, ISO 80000-2, umachita kunena kuti ÷ asagwiritsidwe ntchito pogawa.

Mabulaketi ndi BODMAS

Mabulaketi ndi chingwe chomangira mtolo. Amati za m'katimu zithe kaye, ndipo zikatha zituluke ngati nambala imodzi. Kale ankajambula mzere pamwamba pa zinthu zofunika kumangidwa pamodzi, ndipo mzerewo udakalipo mpaka lero pa denga la chizindikiro cha sikweya ruti. Mabulaketi ozungulirawa anayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1500 koma anafala m'zaka za m'ma 1700.

Mwapereka K5,000 pogula buledi wa K1,200 ndi shuga wa K800. Chenji chanu ndi 5,000 − (1,200 + 800), kapena 5,000 − 1,200 − 800. Njira zonse ziwiri zikupereka K3,000. Onani kuti chingwe chitamasulidwa, + wa m'kati uja wasanduka −, poti zonse ziwiri n'zochotsedwa. Woiwala zimenezi amalemba 5,000 − 1,200 + 800, n'kumalimbana ndi wogulitsa kuti chenji ndi K4,600.

Nambala yochulukitsa ikaima kunja kwa mabulaketi, imafikira aliyense wa m'katimo. Ogulitsa amadziwa bwino zimenezi. Zinthu 7 pa K950 sachita kuvutika nazo: amati 7,000 kuchotsapo ma 50 okwana 7, ndiye K6,650. Papepala ndi 7 × (1,000 − 50) = 7,000 − 350.

Malamulo onsewa ku sukulu anatimangira m'mawu amodzi, BODMAS, amene ndi zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi. B ndi mabulaketi. O aphunzitsi ena amati ndi "of" ena amati "orders", kutanthauza zinthu monga 3², nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. D ndi kugawa, M kuchulukitsa, A kuphatikiza, S kuchotsera. Vuto lake n'lakuti zilembo zisanu ndi chimodzi zondondozana zimaoneka ngati makwerero asanu ndi limodzi, pamene makwerero enieni ndi anayi. D ndi M ali pa khwerero limodzi, A ndi S pa khwerero limodzi, ndipo a pa khwerero limodzi amatengedwa kuchokera kumanzere. Umboni wake ndi wakuti ana a ku America amaloweza PEMDAS, mmene M ali patsogolo pa D, koma masamu awo ndi athu ndi amodzi. Ana a ku Germany amati za madontho (kuchulukitsa ndi kugawa) ziyambe, za mizere (kuphatikiza ndi kuchotsera) zitsatire.

Ndipo malamulowa si akale monga timaganizira. Florian Cajori, amene analemba mbiri ya zizindikiro za masamu, ananena mu 1928 kuti panthawiyo panalibe mgwirizano wa chimene chiyambe ngati ÷ ndi × zakumana pamodzi. Agogo ena amene ali moyo lero anabadwa nkhaniyi isanakhazikike.

Zilembo zikalowa m'masamu

Mawu akuti aljebra anachokera ku liwu la Chiluya, al-jabr, la pa mutu wa buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. M'buku lakelo munalibe x kapena chizindikiro chilichonse. Zonse ankazilemba m'mawu, ndipo nambala yosadziwika ankangoitcha chinthu. François Viète wa ku France ndiye anayamba kuika zilembo mwadongosolo mu 1591, ndipo Descartes mu 1637 anakhazikitsa mwambo umene tikutsatabe, wakuti x, y ndi z aziimira zosadziwika. Chizindikiro cha = anachiyambitsa Robert Recorde wa ku Wales mu 1557, atatopa ndi kulemba mawu akuti n'chofanana ndi. Anasankha mizere iwiri yoyendera limodzi ponena kuti palibe zinthu ziwiri zofanana kuposa imeneyo. Tanthauzo lake ndi la sikelo: mbali ziwiri zikulemera mofanana. Ana ambiri amachiwerenga ngati chikuti yankho nali, n'kumalemba 3 + 4 = 7 + 2 = 9, zomwe zikunena bodza lakuti 3 + 4 ndi 9.

Kuphweketsa samu ya zilembo ndi kuilemba mwachidule osasintha kulemera kwake pa sikelo paja. Lamulo lalikulu ndi lakuti zofanana zokha ndi zimene zimaphatikizidwa. Amene anagwirako ndalama kwacha isanabwere mu 1971 amalidziwa bwino: makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 ankapanga paundi, ndipo powonkhetsa, mapaundi ankakhala mu mzere wawo, masheleni mu wawo. Munthu wa mapaundi 2 ndi masheleni 3 sankati ali ndi 5.

Tiyerekeze mayi wa geni yophika nsima pafupi ndi depoti. Kwa masiku 3 amagula tsiku lililonse milu 2 ya tomato ndi mulu umodzi wa usipa. Loweruka anawonjezera milu 4 ya tomato, koma anabweza mulu umodzi wa usipa umene sunaume bwino. Mtengo wa mulu wa tomato tiutche t, wa usipa u. Ndalama zonse ndi 3(2t + u) + 4t − u. Kumasula chingwe kukupereka 6t + 3u + 4t − u. Kusonkhanitsa zofanana kukupereka 10t + 2u. Yesani ndi mitengo ija: njira yaitali ndi 3 × 2,000 + 2,000 − 1,000, yomwe ndi K7,000, ndipo yaifupi ndi 5,000 + 2,000, K7,000 yomweyo. Phindu la 10t + 2u n'lakuti mitengo ikakwera mawa, monga ichitira masiku ano, samuyo siyambidwanso. Mungosinthamo manambala awiri.

Chenjezo limodzi: t si tomato, ndi mtengo wa tomato, ndi nambala. Aphunzitsi ambiri, pofuna kuthandiza, amati a ndi apozi, b ndi buledi, sungaphatikize apozi ndi buledi. Zimagwira ntchito pa 2a + 3b, koma mwana akakumana ndi a × b amadabwa kuti apozi kuchulukitsa ndi buledi n'chiyani. Ndipo kuyesa ndi manambala, monga tachitira apa, ndi kumene kumagwira zolakwa zofala: kulemba 5ab m'malo mwa 2a + 3b, kusokoneza a + a ndi a × a, kapena kuiwala kuti 5 − (x − 2) ndi 7 − x.

Kubwerera kwa amalume ndi mdzukulu wawo

Mbali zonse ziwiri zikugwirizana pa sitepe yoyamba: 2 + 2 ndi 4. Chatsala ndi 8 ÷ 2(4).

A 16 akuti 2(4) ndi 2 × 4 basi, ndipo mabulaketi ntchito yawo yatha za m'kati zitasovedwa. Kugawa ndi kuchulukitsa zili pa khwerero limodzi, tiyambe kumanzere: 8 ÷ 2 ndi 4, kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Google imayankha choncho, ndipo Strogatz anafotokoza kuti ili ndi yankho la lamulo limene likuphunzitsidwa m'masukulu ambiri lero, ngakhale anaonjeza kuti samuyo inalembedwa mosokoneza. Nkhani yake ingakhale iyi: amayi awiri agawana milu 8 ya tomato, mulu uliwonse uli ndi tomato 2 wamkulu ndi 2 wamng'ono. Aliyense apita kwawo ndi tomato 16.

A 1 akuti kugundanitsa kumamanga kolimba kuposa kamtanda. Funsani aliyense amene anasovapo aljebra kuti 8 ÷ 2a n'chiyani, ambiri adzaona 2a ngati chinthu chimodzi chimene chili pansi pa 8. Ngati a ndi 4, yankho ndi 1. Si maganizo a okalamba okha ayi: malangizo a olemba m'magazini a sayansi a Physical Review amaika kuchulukitsa patsogolo pa kugawa pa mzere wotere. Nkhani yake ndi iyi: nthochi 8 zigawidwe kwa mabanja 2, banja lililonse la makolo 2 ndi ana 2. Aliyense alandira imodzi.

Opanga makina nawonso anagawikana. Makalikuleta ambiri a Casio amapereka 1, ena a kampani yomweyo amapereka 16. Kampani ya Texas Instruments inkatsogoza kugundanitsa pa kalikuleta yake ya TI-82, koma pa TI-83 inasintha. Excel, pulogalamu yowerengetsera pa kompyuta, salola n'komwe kugundanitsa, amafuna muikepo kanyenyezi ka kuchulukitsa, ndipo mukatero mwasankha kale 16. Excel yemweyo mukamulembera =-3^2 amakupatsani 9, pamene m'buku la kusukulu −3² ndi −9. Amene amasunga mabuku a bizinesi pa kompyuta ayenera kudziwa kuti makina amatsata mwambo wa amene anawapanga.

Choncho foni ya mwana uja ndi kalikuleta ya amalume palibe imene inalakwitsa kuwerengera. Zinamva chiganizo chimodzi m'njira ziwiri, monga anthu makumi asanu ndi awiri aja. Mphambu ya samuyi ndi mabulaketi ena awiri: (8 ÷ 2)(2 + 2) ndi 16 kwa aliyense, ndipo 8 ÷ (2(2 + 2)) ndi 1 kwa aliyense.

Zimene zikadali pa bwalo

Palibe bungwe limene lili ndi mphamvu yolamula dziko lonse kuti kugundanitsa kumange kolimba kapena ayi. ISO imalangiza olemba kupewa kalembedwe kosokoneza, koma siiweruza samu imene yalembedwa kale molakwika. Kodi opanga makalikuleta adzagwirizana? Ndipo mwana amene akukonzekera mayeso a MANEB, kalikuleta yake ikasiyana ndi ya mnzake pa benchi imodzi, akhulupirire iti?

Aphunzitsi a masamu amatsutsananso za BODMAS yemweyo. Ena amati ndi ndodo yabwino kwa mwana wa Sitandade 7 amene ali m'kalasi yodzaza, mphunzitsi mmodzi, mabuku ochepa. Ena amati ndodoyo ndi imene imabala 10 − 3 + 2 = 5, ndipo ndi bwino kuphunzitsa mwana kuona mitolo kusiyana ndi kuimba zilembo. Pali funso lofanana nalo la chizindikiro cha ÷: ngati akatswiri anachisiya, n'chifukwa chiyani timakhala nacho zaka zonse za ku pulayimale? Oyankha amati mwana wa Sitandade 3 sangayambire pa fulakishoni, ndipo nawonso ali ndi mfundo.

Funso lomaliza ndi lathu lenileni. Yesani kunena samuyi m'Chichewa osayang'ana papepala. Mudzati gawa 8 pawiri, zimene wapezazo uchulukitse kanayi, kapena mudzati gawira 8 kwa magulu awiri a anthu anayi. Pakamwa pamakukakamizani kusankha, pamene pepala limalola kubisala. Kodi ana akanamva msanga masamu akanawaphunzira nthawi yaitali m'chilankhulo cha kunyumba? Nanga mumzinda ngati Mzuzu, mmene mwana amasewera m'Chitumbuka, kuimba m'Chichewa ndi kulemba mayeso m'Chingerezi, chilankhulo cha kunyumbacho ndi chiti, ndipo mawu a mabulaketi, sikweya ndi negetivu adzawapanga ndani?

Ndinalemba zonsezi mwachidule pa gulu la banja lija. Mwana wa ku Mzuni anaikapo kachala kovomereza. Amalume anakhala chete mpaka madzulo, kenako analemba kuti, "Mwafotokoza bwino, aphwanga. Koma amene analemba samuyo akanakhala m'kalasi mwanga akanakasesa bwalo." Za 1 uja sanabwezepo mawu.